Tinthu ta Kandinsky ndi tizilombo, kapena ndi maso anga okha?

Selo_Imodzi
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ine ntchito yanga ndi ya mu labu, tsiku lonse diso lili pa maikulosikopu. Pali chojambula cha Wassily Kandinsky cha mu 1940, chotchedwa Sky Blue, chimene chandisowetsa mtendere. Nsalu yonse ndi ya buluu wa kumwamba, ndipo m'menemo mukuyandama tinthu tamawangamawanga, tina ta michira, tina ta timiyendo. Ine ndikatiyang'ana ndikuona tizilombo: aka ngati trypanosome, kachilombo ka matenda a kaodzera, ako ngati mphutsi, kena ngati mluza wongoyamba kuumbika. Mnzanga amene anaphunzira zojambulajambula akuti ndikuphonya, abstract safanizira chinthu chilichonse, ndi mitundu ndi mizere basi. Ndiye tiuzeni odziwanu: wojambula akatenga maonekedwe a ku sayansi n'kuwasakaniza ndi a zachilengedwe, ife oonerafe tizitani? Tizitchula kuti ichi ndi chakuti, kapena tizingoyang'ana kukamwa kuli yasa?

Wokayika99
Ntchito yakukwanani bwana. Tengani tchuthi. Mawa muyamba kuona tizilombo pa nsalu ya patebulo.

MaiWaBurashi
Musawaseke, a Wokayika, maso awo sanawanamize. Kandinsky anasamukira ku Paris kumapeto kwa 1933, sukulu ya zaluso ya Bauhaus, ya ku Germany, imene ankaphunzitsako itatsekedwa chifukwa cha chipani cha Nazi. Ali ku Bauhaus zojambula zake zinali za mizere yowongoka, zozungulira ndi za makona atatu, zonse zoyezedwa bwino. Atafika ku Paris m'pamene tinthu tofewa topindikapindikati tinayamba kuchuluka. Ofufuza amene anatsegula mabuku ndi mapepala amene anasiya anapeza zithunzi za miluza, tamoyo ta m'nyanja ndi zina zooneka pa maikulosikopu, zina zodula m'magazini. Choncho a Selo_Imodzi, mukuona zimene mkuluyo nayenso ankayang'ana.

Koma chenjerani apa. Yesani kutenga kamodzi mwa tinthu timeneto mukafufuze m'buku lanu la tizilombo. Simukapeza. Mchira ndi wa kena, thupi ndi la kena, ndipo mawangawo ndi ochokera m'mutu mwake. Anabwereka kaumbidwe ka zamoyo, sanajambule chamoyo chilichonse.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndionjezerepo pa za mayiwa. Kandinsky mwiniwake analemba m'zokumbukira zake za mu 1913 kuti atamva zoti atomu imagawika, kwa iye zinali ngati dziko lonse lagumuka. Chinthu chimene anthu ankati n'cholimba chinapezeka kuti sichili choncho. Kumbukiraninso kuti X-ray inatulukiridwa mu 1895, anthu n'kuyamba kuona mafupa a munthu wamoyo osam'ng'amba. M'badwo umenewo unaphunzira kuti zimene diso likuona si zokhazo zimene zilipo. Wojambula wa nthawi imeneyo akasiya kujambula nkhope ndi mapiri, nthawi zina sikunali kuthawa dziko lenileni. Ankalilondola kumene diso silifika.

Wokayika99
Zonsezi n'zokometsera chabe. Mwana wanga wa zaka zisanu atha kujambula zimenezi madzulo amodzi.

Tsamba_Louma
Ndinadziwa kuti mwana wa zaka zisanuyu abwera. Sasowa pa nkhani ngati izi.

Kafukufuku_Basi
A Wokayika, zimenezo zinayesedwapo. Mu 2011 ofufuza awiri a ku Boston College, Angelina Hawley-Dolan ndi Ellen Winner, anaika zojambula ziwiriziwiri pambali: china cha katswiri wa abstract, china cha mwana kapena nyama monga anyani ndi njovu, zofananako mitundu ndi kalembedwe. Anthu ankasankha cha katswiri kawirikawiri kuposa mmene zikanakhalira akanamangolota, ngakhale pamene ofufuzawo anasinthanitsa dala mayina. Sikuti ankalondola nthawi zonse, ayi. Koma diso limazindikira pamene munthu anaika chinthu mwadala.

Wokayika99
Ndiye kuti nthawi zina njovu inkapambana. Ndangomva zimenezo ine.

Selo_Imodzi
Mayi a Burashi, zikomo, mtima wakhala pansi kuti sindinapenge. Koma funso langa likadalipo. Tavomereza kuti ndi tinthu tonga tamoyo. Ndiye tanthauzo lake n'chiyani? Mu labu ndikazindikira kachilombo, ntchito yatha, ndimalemba lipoti. Apa ndazindikira, kenako?

MaiWaBurashi
Apo m'pamene pasiyana labu ndi chojambula. Kwa inu kuzindikira ndi mapeto, kuno ndi pakhomo chabe. Bwererani ku chithunzicho mufunse mafunso ena. Tinthuti tikugwa, tikukwera, kapena tangoima? Tikugundana? Pali kamene kakudya kanzake? Ine ndikaona, palibe kamene kakukhudza kanzake, kalikonse kali ndi malo ake, ndipo palibe pansi, palibe pamwamba. Ndiye buluuyo ndi thambo kapena ndi madzi? Dzina likuti thambo, koma tinthuto tikuyenda ngati tili m'dontho la madzi. Zinthu zazing'ono kwambiri zaikidwa m'malo aakulu kwambiri. Kwa ine nkhani yagona pamenepo: simudziwa ngati mwasuzumira mu maikulosikopu kapena mwayang'ana kumwamba.

Onjezani chaka chake. Mu June 1940 asilikali a Germany analowa mu Paris. Munthu wa zaka zoposa 70, amene anachoka ku Russia, n'kuchokanso ku Germany, akujambula tinthu tosangalala tosewera m'mwamba. Ena amati n'kuthawa mavuto, ena amati n'kukana kugonja. Ine sindisankha, koma sindingachione chimodzimodzi nditadziwa zimenezi.

Mphepo_Zinayi
Apa ndiye nditsutsana nanu mayi. Mukabweretsa nkhondo mwayamba kuwerenga mbiri ya munthu, osati chojambula. Akanakhala kuti anachijambula mu 1936, penti ikanakhala yomweyo. Ine ndimakana zoti tizidalira kapepala ka pakhoma kofotokoza chojambula. Chojambula chimene sichilankhula popanda kapepala n'cholephera.

MaiWaBurashi
Chimalankhula popanda kapepala, achimwene. Ndangoti chimalankhula zambiri mukadziwa amene akulankhulayo ali pati.

Mphepo_Zinayi
Kapena mumamva zimene mwauzidwa kuti mumve.

Diso_La_Nkhono
Mkangano wanuwu ulinso mu sayansi momwemo, musaganize kuti ndi wa ojambula okha. Camillo Golgi anapeza mu 1873 njira yodetsera maselo a mu ubongo ndi mankhwala a siliva kuti azioneka. Santiago Ramón y Cajal anatenga njira yomweyo, n'kujambula pamanja zimene ankaona, zithunzi zimene mpaka lero zili m'mabuku. Anthu awiriwa ankayang'ana zinthu zofanana. Golgi ankaona ukonde umodzi wolumikizana wonse. Cajal ankaona maselo osiyana, lililonse palokha, oyandikana koma osalumikizika. Mu 1906 anawapatsa mphoto ya Nobel limodzi, akutsutsanabe. Pambuyo pake zinadziwika kuti Cajal ndiye ankalondola.

Chimene ndikunena n'choti ngakhale pa maikulosikopu munthu amamasulira. A Selo_Imodzi mukudziwa bwino kuti wophunzira watsopano mukamuika pa silaidi amaona madontho okhaokha, mpaka wina amuuze choti ayang'ane. Ndiye a Mphepo_Zinayi, diso losauzidwa kanthu limene mukulifunalo kulibe.

Ndipo muone chithunzi cha Cajal cha selo la mu ubongo lotchedwa Purkinje. Munthu wosadziwa anena kuti ndi mtengo wopanda masamba. Wina anena kuti ndi mtsinje ndi timitsinje take toonekera m'ndege. Cajal ameneyu ali wamng'ono ankafuna kukhala wojambula, bambo ake ndi amene anamukokera ku udokotala.

Selo_Imodzi
Za wophunzira watsopanozo n'zoona kwambiri. Ndipo mitundu imene timaona pa silaidi si ya kachilomboko. Ndi ya mankhwala amene tathira. Giemsa ndi amene amapatsa tizilombo ta malungo mtundu wapepo ndi wa buluu uja. Popanda iye simuona kanthu kogwirika.

Kafukufuku_Basi
N'chimodzimodzi zithunzi za maikulosikopu ya ma electron, zimatuluka zakuda ndi zoyera, mitundu amachita kupaka pambuyo. Za telesikopu ya James Webb nazonso, kuwala kwambiri kumene imagwira diso la munthu silikuona, ndiye akatswiri amasankha kuti kuwala kwakuti kuoneke kofiira, kwakuti kwa buluu. Anthu amaika zithunzizo pakhoma n'kumati chilengedwe n'chokongola, osadziwa kuti pali munthu amene anakhala pa kompyuta n'kusankha mitundu.

Wokayika99
Ndiye asayansinso akutinamiza? Lero ndiye ndamva.

Kafukufuku_Basi
Ayi bwana, amanena poyera mmene apangira, ndipo mtundu uliwonse umaimira chinthu choyezedwa. Kusiyana kwake n'kumeneko. Wasayansi akasankha chofiira ayenera kufotokoza chifukwa. Wojambula safunika kutero.

Tsamba_Louma
Mukutchula amuna okhaokha. Hilma af Klint wa ku Sweden anayamba zojambula zake za abstract mu 1906, Kandinsky asanafike kumeneko. Mayiyu anaphunzira zojambula ku sukulu yaikulu ya zaluso ku Stockholm, ankajambula zomera mosamala kwambiri, ndipo anagwirapo ntchito yojambula ku sukulu ya madokotala a ziweto. Mu 1907 anapanga zithunzi khumi zikuluzikulu zotchedwa The Ten Largest, chilichonse kutalika kupitirira mamita atatu, zofotokoza moyo wa munthu kuyambira ubwana mpaka ukalamba. Mukaziona muli zozungulirazungulira ngati chigoba cha nkhono, maluwa, timazira, tinthu tonga maselo akugawikana, ndi zilembo. Mu 1917 anapanganso mndandanda wa zithunzi za atomu.

Koma apa pali msampha kwa inu okonda sayansi. Iye sankati akuphunzitsa biology. Ankakhulupirira kuti mizimu ndi imene inamutuma ntchitoyi, ndipo anali m'kagulu ka amayi asanu amene ankakumana kuti alankhule ndi mizimuyo. M'mabuku ake analemba kuti mtundu wa buluu ukuimira chachikazi, wachikasu chachimuna, ndipo chozungulira cha nkhono chija ndi kukula kapena kusinthika. Ndiye munthu wa mu labu akaona selo likugawikana walondola, koma mwiniwake ankaona mzimu ukukula. Anamwalira mu 1944 atalamula kuti ntchitozi zisaonetsedwe mpaka patapita zaka 20. Pamene nyumba yoonetsera zaluso ya Guggenheim ya ku New York inazionetsa mu 2018, anthu oposa 600,000 anapita kukaona.

Mphepo_Zinayi
Mwandithandiza osadziwa. Ngati mwiniwake akuti ndi mizimu, ine wosakhulupirira mizimu yakeyo ndiyenera kuvomera? Ndinaziona zithunzizo pa intaneti ndisanamve za mizimu, zinandigwira mtima. Nditamva sizinaonjezere kanthu.

Tsamba_Louma
Simuyenera kuvomera zimene ankakhulupirira. Koma musanene kuti chachikasu chija chinangogwera pamenepo. Kutsutsana ndi wojambula n'kololedwa, kumunamizira ayi.

Mphunzitsi_Wopuma
Mawu amenewo ndawakonda, mwanawe.

Chigoba_Chakale
Pepani ndachedwa kulowa. Palibe amene watchula Ernst Haeckel, pamene theka la nkhaniyi likuchokera kwa iye. Buku lake la Kunstformen der Natur linatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1899 mpaka 1904, lili ndi zithunzi zazikulu 100 za tamoyo ta m'nyanja ndi zina. Radiolaria, tamoyo ta selo imodzi tokhala ndi zigoba zonga galasi, anatijambula ngati nyenyezi zoluka. Chipata chachikulu cha chionetsero cha ku Paris mu 1900, chimene anakonza René Binet, chinatengera tamoyo timeneti. Ojambula ambiri a zaka zotsatira anakulira pa zithunzi zimenezi.

Chondisangalatsa n'choti Haeckel, wasayansi, ankakongoletsa. Ankawongola zopindika, n'kulinganiza mbali zonse kuti zifanane bwino kuposa mmene zimakhalira m'madzi. Zithunzi zake za miluza zinamubweretsera mlandu ali moyo, anzake akuti wazifananitsa mopitirira kuti zigwirizane ndi maganizo ake. Ndiye mzere umene tikuuika pakati pa chithunzi cha sayansi ndi chojambula cha luso unali wokhotakhota kale.

Nyenyezi_Yakuda
Ndipo tisaiwale kuti Haeckel yemweyo ankaika mitundu ya anthu pa makwerero, azungu pamwamba, anthu akuda pansi pafupi ndi anyani. Ine ndikaona zithunzi zake zokongolazo sindiiwala zimenezo. Munthu amene amawongola chilengedwe kuti chigwirizane ndi mutu wake amawongolanso anthu.

Chigoba_Chakale
Zoona zimenezo, sindikumuikira kumbuyo.

Nyenyezi_Yakuda
N'chifukwa chake ndimakonda zimene Wangechi Mutu, wobadwira ku Kenya, anachita. Anatenga masamba a buku lakale la zachipatala osonyeza zotupa za m'chiberekero, n'kumatapo maso, milomo ndi zidutswa za m'magazini mpaka zotupazo zinasanduka nkhope za akazi. Si abstract yeniyeni, ndikudziwa, wina asandidumphire. Koma zikusonyeza kuti wojambula akatenga chithunzi cha sayansi sikuti nthawi zonse akuchitamanda. Nthawi zina akuchifunsa kuti: unajambula thupi la ndani, ndipo anakuloleza ndani?

Wokayika99
Tinayamba ndi tizilombo, tafika pa tsankho. Gulu ili.

Diso_La_Nkhono
Tibwerere ku funso. A Selo_Imodzi anafunsa chifukwa chake chinthu chimodzi chimaoneka ngati zinthu zambiri. Yankho lina lili m'chilengedwe chenichenicho. D'Arcy Thompson, pulofesa wa ku Dundee, analemba On Growth and Form mu 1917, kusonyeza kuti maonekedwe ambiri a zamoyo amabwera chifukwa cha mphamvu wamba: kukoka, kupanikiza, kulemera. Thovu la sopo likapanikizana limapanga makona ofanana ndi a maselo kapena a chisa cha njuchi. Mitsempha ya tsamba, mitsempha ya magazi, mizu, ndi mtsinje wogawikana zimafanana chifukwa zonse zikugawa madzi kuchoka pa njira imodzi kupita malo ambiri. Alan Turing mu 1952 anasonyeza ndi masamu kuti mankhwala awiri ofalikira pa liwiro losiyana atha kubala mawanga ndi mizere yonga ya pa zikopa za nyama.

Ndiye wojambula akajambula nthambi zogawikana osaikapo tsamba kapena khungu, wachotsa chimene chikanakuuzani kukula kwa chinthucho. Chatsala ndi kagawikidwe kokha, kamene n'ka mtengo, n'ka mapapo, n'ka mphezi. Mukakakamira kuti ndi mapapo basi, mwataya dala zina zonsezo. Buku la Thompson ojambula analiwerenga kwambiri, moti Richard Hamilton anakonza chionetsero chotchedwa Growth and Form ku London mu 1951.

Mphunzitsi_Wopuma
Henry Moore ndi chitsanzo chabwino pa zosema. Ankatola mafupa, miyala ndi zigoba n'kumaziyang'ana, koma zingwe zimene anayamba kumanga pa zosema zake cha m'ma 1937 anazitengera ku zifanizo za masamu zimene anaona ku Science Museum ku London. Chosema chimodzi, thupi ngati fupa, zingwe ngati masamu. Mukafunsa kuti ndi fupa kapena ndi masamu, funsolo ndi limene lalakwika.

Kafukufuku_Basi
Koma ndichenjezeko, chifukwa ife okonda sayansi timathamanga. Mu 1999 Richard Taylor ndi anzake analemba mu magazini ya Nature kuti zojambula za Jackson Pollock, zodontheza penti zija, zili ndi ma fractal, kutanthauza maonekedwe obwerezabwereza kaya mwayandikira kaya mwatalikira, monga nthambi za mtengo. Anthu anasangalala, ena mpaka kuganiza kuti njirayi izigwira zojambula zabodza. Mu 2006 Katherine Jones-Smith ndi Harsh Mathur anasonyeza kuti tizithunzi wamba tokhwatchakhwatcha timene Jones-Smith anapanga pa kompyuta tinkakhozanso mayeso omwewo. Mkangano unapitirira. Ndipo ngakhale zitakhala kuti ma fractal alimodi, mwayeza chojambulacho, simunachimasulire. Kudziwa kulemera kwa munthu sikukuuzani khalidwe lake.

Mphepo_Zinayi
Apa ndiye tagwirizana koyamba.

MaiWaBurashi
Ine monga wogwira burashi ndinene mmene zimakhalira mbali inayo. Ndikamajambula zoterezi sindiyamba ndi uthenga. Ndimayamba ndi kaumbidwe kamene kandikola, mwina njere yong'aluka, mwina chithunzi cha X-ray. Ndikajambula n'kuona kuti chafanana kwambiri ndi njere, ndimachiwononga pang'ono, chifukwa munthu akangoti "njere" amachoka, waona kale. Ndimafuna aime pakati, akuti njere, ayi impso, ayi mwezi. Nthawi imene akukayikayo ndi imene akuyang'anadi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye munthu akandiuza kuti akuona impso sindikhumudwa. Ndimakhumudwa ndi amene amati "chilichonse chimene ukuona n'cholondola". Si zoona. Ngati ndapaka mitundu yozizira, mizere yoyenda pang'onopang'ono, wina n'kuti akuona ukali ndi nkhondo, ndimufunsa kuti andilozere pamene waziona. Akalephera kuloza, akunena za iye mwini, osati za nsaluyo.

Wokayika99
Ndiye mwavomera kuti mumatisokoneza dala.

MaiWaBurashi
Eya bwana. Ndipo inu mwakhala pano kuyambira m'mawa, ndiye zikugwira ntchito.

Selo_Imodzi
Zoti munthu aloze pamene waona zandigwira, chifukwa ndi lamulo la mu labu lomwe. Sungalembe kuti muli tizilombo osatha kuonetsa mnzako pa silaidi. Tsopano ndatsegula chojambula china cha Kandinsky, Composition IX ya mu 1936. Kumbuyo kuli mizere ikuluikulu yopendekera ya mitundu yosiyana, yowongoka ngati yojambula ndi rula, ndipo pamwamba pake pali chinthu chofewa chonga mluza. Zowongoka ndi zopindika zili pamodzi koma sizikumvana. Kodi ndi Bauhaus ndi Paris zikukangana pa nsalu imodzi, kapena ndayambanso kuwerenga mbiri, a Mphepo_Zinayi?

Mphepo_Zinayi
Kusamvanako mwakuona ndi maso, ndiye ndikulolani. Za Bauhaus ndi Paris mwaonjezera nokha.

Tsamba_Louma
Akaonjezera zoona pali vuto?

Kompyuta_Mbuzi
Funso lapambali. Nanga zithunzi zimene AI ikupanga masiku ano, maselo osakanikirana ndi maluwa ndi milalang'amba, zokongola zedi? Palibe Kandinsky, palibe nkhondo, palibe mizimu. Timasulire chiyani pamenepo?

Mphepo_Zinayi
Kwa ine palibe chosintha. Ndimayang'ana chimene chili patsogolo panga.

Nyenyezi_Yakuda
Kwa ine chasintha chachikulu. Makinawo anaphunzira pa zithunzi za anthu, mwina za Haeckel ndi Cajal omwewo. Ndiye funso langa lija likubweranso: zatengedwa kwa ndani?

Diso_La_Nkhono
Imeneyo itsegulireni ulusi wake a Kompyuta_Mbuzi, itimeza tonse pano. A Selo_Imodzi, ngati malamulo a kuntchito kwanu amalola, tiikireni chithunzi cha silaidi imodzi yopanda dzina la munthu, musatiuze kuti ndi chiyani. Tione ngati a Wokayika asiyanitse ndi Kandinsky.

Wokayika99
Ikani. Ndibweretsa mwana wanga adzandithandize.